Mutu 5: Kanyani Kadzaza Zipinda

1. Alendo a mayina aatali

"Muwauze onse kumeneko kuti kuno malo atha. Zipinda khumi ndi ziwiri, zonse zapita, ndipo si anthu a konkuno ayi, ndi ochokera kunja. Ine ndikagwira ntchito, dziko limamva."

Amene ankayankhula chonchi pa foni anali a Pitala Kamwendo, manijala wa loji ya Chiwale ku Senga Bay. Anali ataima pakhonde, chifukwa a Pitala sankayankha foni pamalo popanda omvera. Unali mwezi wa Okutobala, mchenga ukuwotcha mapazi, koma iwo tayi ili pakhosi.

Mkati, pafupi ndi risepishoni, mayi Gladys ankapinda matawulo. Iwowa anali mkulu wa oyala zipinda, ndipo pa lojiyo anali ataona mamanijala asanu akubwera n'kupita. Anamva zonse. Anangokutumula tawulo limodzi mwamphamvu kuposa mmene linkafunira.

Kulusumu nayenso anamva. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, wa m'mudzi wa asodzi kumunsi kwa lojiyo. Atalemba mayeso a Fomu 4 anapatsidwa miyezi itatu yogwira ntchito pa Chiwale, kusamalira tsamba la loji la pa intaneti, poti ku kalabu ya makompyuta ya kusukulu kwawo anaphunzira kulemba mapulogalamu. Malipiro ake enieni anali kalata. Koleji ina ya ku Lilongwe inali itamulonjeza malo ophunzira mwaulere, bola abweretse kalata ya umboni yoti wagwirapo ntchito ndiponso kuti ndi wokhulupirika. Popanda kalatayo, Kulusumu ankadziwa kobwerera: ku thandala, kukathandiza amayi ake kutembenuza usipa.

Kunali kutatsala masiku asanu ndi limodzi kuti Tsiku la Anakubala likwane. Pa tsikuli aliyense amene ali ndi kenakake m'thumba amafuna kupita ndi amayi ake kunyanja, ndipo maloji a ku Senga Bay amadya za miyezi itatu m'masiku awiri.

M'mawa womwewo kunabwera Yohane, wa kabaza amene ankanyamula alendo a lojiyo kuchokera ku msewu waukulu. Anavula chipewa n'kupempha chipinda chaching'ono cha usiku umodzi. Anati amayi ake a ku Chitala sanagonepo pa loji chibadwire, ndipo iye wakhala akukonzekera chaka chonse. A Pitala anamuyankha operekera zakudya atatu akumva. Anati zipinda zatengedwa ndi anthu okwera ndege, ndipo mayiwo akhoza kukaonera nyanja kugombe la aliyense, madzi ake ndi omwewo. Yohane anavala chipewa chake n'kupalasa.

Kwaya ya amayi ya ku Chipoka, imene chaka chilichonse inkatenga zipinda zisanu ndi chimodzi, nayonso inali itabwezedwa pa foni.

Atamaliza kuyankhula pakhondepo, a Pitala analowa n'kuyamba kuwerenga mayina a alendowo mokweza, ngati mphunzitsi woitana mayina m'kalasi. Bambo Aulonocara. Mayi Labidochromis. Banja la a Copadichromis. Anati amenewa ndi Agiriki, anthu olemera, ndipo lilime la munthu wosaphunzira silingawatchule.

Kulusumu anakweza maso. Pakhoma, kumbuyo kwenikweni kwa mutu wa a Pitala, panali chithunzi chachikulu cha nsomba za m'nyanja, chimene chinakhomedwa kalekale kuti alendo aziona. Pansi pa nsomba iliyonse panali dzina lake la sayansi. Alendo atatu onsewo anali pomwepo, atayasamula kukamwa.

2. Kanyani

Nkhani yake inayamba Lolemba. Tsamba la lojiyo linali ndi malinki ambiri, ena akufa, oti munthu akadina sapita kulikonse. Kuwayesa onse ndi dzanja inali ntchito yotopetsa, ndiye Kulusumu analemba kapulogalamu koti kazimugwirira.

Kapulogalamuko kankatsegula kokha bulawuza, ija timaonera masamba a pa intaneti. Kankasonkhanitsa malinki onse a patsamba, n'kuchita mayere, n'kudina imodzi. Kakafika patsamba lina kankapuma pang'ono n'kuchitanso mayere. Kakapeza linki yakufa kankailemba pambali. Kakapeza fomu kankaidzaza kuti kaone ngati ikugwira ntchito. Poti fomu imafuna dzina, Kulusumu anakapatsa mndandanda wa mayina amene anakopera pakhoma paja, poganiza kuti palibe munthu wamoyo amene angawayese anthu.

Anakatcha Kanyani, chifukwa kankagwira chilichonse chimene kaona, ngati anyani a pa lojiyo amene ankatola shuga, magalasi ndi makiyi pa matebulo a alendo osafunsa kuti n'za ntchito yanji.

Ku kalabu anawaphunzitsa lamulo limodzi mobwerezabwereza: kanthu kotere umakayesera patsamba loyeserera, osati lenileni limene anthu akugwiritsa ntchito. Koma Lolemba limenelo tsamba loyeserera linkakana kutseguka. Kulusumu anati mphindi zisanu zokha sizingaononge kanthu, n'kulozetsa Kanyani patsamba lenileni, pa kompyuta yakale ya mu ofesi ya kuseri. Mphindi zisanuzo zisanathe, anamutuma kukathandiza kukhitchini. Kuchoka kumeneko anamutumanso kwina. Ofesi ya kuseri inakhomedwa, ndipo sabata imeneyo, mwa masabata onse a chaka, magetsi sanazime ngakhale kamodzi.

Pamwamba pa tsamba lenilenilo panali batani lalikulu lofiira losungitsira chipinda cha pa Anakubala. Kale munthu ankayamba walipirako pang'ono kuti chipinda chisungidwe, koma a Pitala anachotsa zimenezo, ati alendo apamwamba sakonda kufunsidwa ndalama asanafike.

Kulusumu anatenga kiyi n'kupita ku ofesi ya kuseri. Anapeza Kanyani kali pa ntchito, kakudina mosatopa m'chipinda mopanda munthu. M'masiku atatu kanali katalowa patsambalo maulendo zikwi zinayi, katapeza malinki akufa asanu ndi awiri, n'kusungitsa zipinda zonse khumi ndi ziwiri. Kunena zoona, ntchito imene kanatumidwa kanaigwira bwino. Kulusumu anakazimitsa.

3. Pepala pa tebulo

Anadikira kuti a Pitala atsale okha, n'kugogoda. Anafotokoza zonse ali chiimire, kuyambira Lolemba mpaka chithunzi cha nsomba. A Pitala anatuluka kukachiona chithunzicho. Anakhalitsa kumeneko. Pobwera anali atamasula tayi pang'ono, chinthu chimene wantchito aliyense pa Chiwale anali asanachionepo.

Poyamba anakalipa, koma motsitsa mawu, ndipo poti kukalipa kotsitsa mawu sanakuzolowere, kunatha msanga. Kenaka anakhala pansi n'kuyamba kuganiza mokweza. Mwini loji, Che Ismael, ankabwera mawa lake akatuluka ku mzikiti ku swala ya Ijumaa, pemphero la Lachisanu, ndipo anali atauzidwa kale pa foni za Agiriki ndi za anthu zikwi zinayi amene aona tsamba la loji. Munthu wa udindo, anatero a Pitala, sangasinthe mawu tsiku limodzi lisanathe.

Anatsegula dirowa n'kutulutsa pepala la chizindikiro cha loji, ndi chidindo.

"Tamvera, mwana iwe. Kanyani kakoko ukakayatsenso, nambala izikwerabe mpaka bwana aone ndi maso awo. Tsikulo likadzafika alendo osabwera, tidzati ndege yawo inalephereka. Ndege zimalephereka. Kalata yako ndilemba mawa lomweli, bwana akangotuluka pa geti, ndipo ndiikamo mawu oti ku Lilongweko akakuimirire. Koma ukatsegula pakamwa, wolakwa ndi iwe, si ine. Ndani angalembe kuti ndi wokhulupirika munthu amene watseka loji pa Anakubala?"

Kulusumu anafunsa za Yohane ndi za amayi a ku Chipoka. A Pitala anati chaka chamawa kulinso Anakubala.

Mtsikanayo anatuluka osavomera, osakana. Pepala lija linatsala pa tebulo, chidindo chili pamwamba kuti lisauluke ndi fani.

Ataweruka, Kulusumu anapeza amayi ake kunyumba atagula sutikesi pa kaunjika, akuipukuta ndi kansalu konyowa. Zipi yake inali yovuta, koma anati telala aikonza nthawi ya ku Lilongwe isanakwane. Amayi oyandikana nawo nyumba anali atabwera kale kudzaiona.

4. Mabedishiti

Lachisanu m'mawa mayi Gladys anamuitana kuti awathandize kupinda mabedishiti. Mabedishiti amapindidwa ndi anthu awiri oyang'anizana, ndipo wina sangathawe mnzake ntchito isanathe.

Amene anayamba kuyankhula anali mayi Gladys.

"Ine za makompyuta sindizidziwa, mwanawe, ndipo sindikufuna kuzidziwa. Koma ndayala mabedi pano zaka makumi awiri ndi ziwiri. Mlendo weniweni amavuta asanafike n'komwe. Amafunsa ngati kuli udzudzu. Amafunsa ngati madzi otentha alipo, ngati msewu uli bwino, ngati mwana alipira. Wina amafunsa ngati m'nyanja muli ng'ona, ukamuyankha afunsanso mawa. Awa khumi ndi awiri palibe ndi mmodzi yemwe amene wafunsa kanthu. Anthu otere ine sindinawaonepo. Ndiye dzulo ndinakuona ukutuluka ku ofesi ya kuseri nkhope ili ngati wamwa mankhwala a malungo. Ndinaonanso chidindo pa tebulo la a manijala, chimene sichituluka wamba."

Anakoka bedishiti kuti iwongoke, Kulusumu n'kusendera pafupi.

"Sindikufunsa chimene wachita. Ndikukuuza chimene chichitike. Ndaitana atsikana anayi a ganyu, ndipo ena akana ntchito kwina chifukwa cha ife. Kukhitchini auza asodzi kuti asunge chambo. Zipinda zikagona zopanda anthu, a manijala adzavalabe tayi yawo, mwezi ukatha adzalandira. Obwerera kwawo chimanjamanja ndi atsikana ajawa, ndipo awiri ndi a m'mudzi mwanu, mumatunga madzi pa mjigo umodzi. Lero likadali Lachisanu, zipinda zikhoza kupeza anthu. Lachitatu, pa Anakubala penipenipo, kudzakhala kulibe chokonza. Ndikuuzenso china. Munthu amene wakusungira chinsinsi kuti nawe umusungire chake sadzakusiya. Udzapita ku Lilongwe, udzamaliza sukulu, udzakhala ndi ofesi yakoyako, koma tsiku lililonse akadzakuimbira foni udzaimirira."

Kulusumu anati akaulula, kalata yapita.

Mayi Gladys sanamutsutse. Anati n'kutheka ndithu, ndipo iwo sangamunamize kuti zonse zidzatha bwino. Anamupatsa ngodya za bedishiti ina.

5. Che Ismael afika

Che Ismael anafika cha m'ma 2 koloko masana, atavala mkanjo woyera. Anali bambo wachikulire amene anayamba ndi bwato limodzi, ndipo mpaka pano ankayenda motangadza miyendo ngati pansi pakugwedezeka.

A Pitala anasonkhanitsa antchito onse m'chipinda chodyera. Tayi inali itabwerera m'malo mwake. Anayankhula za masomphenya, za msika wa kunja ndi za utsogoleri, mawu oti "ine" akubwera motsatizana ngati minibasi zolimbirana anthu. Pomaliza anauza Kulusumu kuti alumikize kompyuta ku kanema wamkulu wa pakhoma, bwana aone nambala.

Kulusumu analumikiza, koma nambalazo sanazitsegule. Anayatsa Kanyani patsamba loyeserera, limene tsopano linkatseguka bwinobwino, n'kuchotsa manja pa kompyuta. Masamba anayamba kutseguka okha. Fomu inadzidzaza yokha, ndipo Bambo Aulonocara anasungitsa chipinda china aliyense akuona.

"Bwana, alendo aja ndi amenewa. Kulibe Mgiriki aliyense, mayinawo ndi a nsomba za pa chithunzi cha ku risepishoni. Kapulogalamuka ndinalemba ndine. Ndinakayatsa patsamba lenileni ndikudziwa kuti n'zoletsedwa, ndipo ndinakaiwala masiku atatu. Zipinda zonse zilibe anthu."

Za pepala ndi chidindo sanatchule.

Wophika wina anatuluka mwakachetechete kukaona chithunzicho, ndipo patapita kanthawi kuseka kwake kunamveka kuchokera ku risepishoni.

Che Ismael sanaseke. Anafunsa a Pitala kuti zimenezi anazidziwa liti. A Pitala anati nkhaniyo inali ikufufuzidwa. Mayi Gladys anati dzulo masana, maso ali pa zikhadabo zawo.

Mkuluyo anatembenukira kwa Kulusumu.

"Mwanangu, ine injini yanga yoyamba ndinaigula ndili ndi zaka ngati zakozi. Tsiku lina ndinailiza boti lili m'madzi, n'kunena kuti ndikatenge ndowa kumtunda, ndibwera pompano. Boti linapita lokha. Linakang'amba ukonde wa munthu amene sanandilakwire chilichonse, ndipo ana ake anagona ndi njala sabata imeneyo. Injini sinalakwe, inachita zimene ndinaiuza. Makina alibe manyazi, satopa, ndipo sadziwa kuti awa ndi mayi a munthu. Chimene iwe ungalakwitse kamodzi, iwo amachilakwitsa maulendo zikwi zinayi uli kukhitchini. Ndiye ukawayatsa, uzikhala pomwepo, dzanja lili pozimitsira. Ukadziwa kuti sukhalapo, usayatse. Waulula wekha pamaso pa anthu, Alhamdulillah, chimenecho ndachiona. Koma atsikana a ganyu sadya kuulula kwako. Zipinda zikadali zopanda anthu."

Anati kalata salemba lero, ndipo a Pitala sadzailemba konse. Adzalemba iwo eni, ndi dzanja lawo, Lachinayi, ndipo adzalembamo zimene adzakhale ataona pofika Lachitatu, kaya zabwino kaya zoipa. Onse amene anabwezedwa apezedwe mmodzimmodzi. Atamva mmene Yohane anayankhidwira anati poti munthuyo ananyozedwa anthu akumva, kupepesa kwakenso anthu amve. Anauza a Pitala ndi Kulusumu kuti anyamuke nthawi yomweyo, wapansi.

6. Pa siteji ya kabaza

Kuchokera pa loji kukafika pa siteji ya kabaza ndi mtunda woti munthu wa tayi afike malaya atamatirira kumsana. Pansi pa mtengo wa mango panali akabaza asanu ndi atatu ndi amayi awiri ogulitsa mandasi. Yohane anali akupopa tayala.

Anayamba ndi Kulusumu. Ananyonyomala n'kufotokoza kuti chipinda chinalipo, ndipo amene anachitseka ndi iyeyo ndi makina ake. Anapepesa. Akabaza anafunsa mafunso ambiri okhudza Kanyani, ndipo wina anafuna kudziwa ngati kangamupezere makasitomala, ngakhale a nsomba omwewo.

Kenaka onse anayang'ana a Pitala. Iwo anayamba ndi kunena kuti panali kusamvetsetsana pa nkhani ya zipangizo zamakono. Yohane anapitiriza kupopa. Anayesanso kunena kuti utsogoleri wa loji ndi wokhudzidwa kwambiri. Pampu inkangolira. Mayi wina wa mandasi anafunsa mwaulemu ngati utsogoleriwo uli ndi dzina.

A Pitala anapukuta thukuta.

"Achimwene a Yohane, ndinakuyankhani mwano, inu ndi mayi anu. Ndinalakwa ineyo, Pitala. Pepani."

Yohane anachotsa pampu, n'kutsina tayala kuti aone ngati lalimba.

"Ndamva, bwana, ndipo anzangawa amva. Chipinda ndilipira ndekha, sindikufuna chaulere. Koma amayi akadzafika Lachiwiri, mudzawalandire inuyo pa geti, muwanyamulire chikwama mpaka m'chipinda. Adzabwera ndi nkhuku, sayenda chimanjamanja amenewo. Nayonso mudzanyamule."

A Pitala anayang'ana anthu onse amene ankawayang'anawo, n'kuvomera. Awiriwo anagwirana chanza, akabaza n'kuliza mabelu a njinga zawo.

Chipinda chimodzi chinali chitapeza munthu weniweni. Zinatsala khumi ndi chimodzi.

Ali pomwepo, Kulusumu anaimbira foni mtsogoleri wa kwaya ya ku Chipoka, mayi Nasibeko. Inaitana kawiri n'kudulidwa. Anaimbanso, inadulidwanso. Yohane, amene pa ntchito yake ankamva nkhani zonse kwa anthu okwera njinga yake, anati asadzivute. Mayiwo analumbira pamaso pa kwaya yonse kuti foni ya ku Chiwale sadzaiyankhanso, ndipo mawa 10 koloko m'mawa akukagwira malo ku loji ina. Wofuna kuyankhula nawo akawapeze maso ndi maso ku Chipoka, kwaya isanatuluke kophunzira nyimbo, ndipo akonzeke kukayankhula amayi makumi atatu akumva.

Kulusumu anafunsa kuti minibasi yoyamba imanyamuka nthawi yanji.